Tisanaombe m'manja za sitima zatsopano, atipimile njanji

Amai na atate a mu Soweto, a ku City Market, a ku Kamwala, a ku Chawama, a ku Mtendere, na inu a ku Kapata ku Chipata, lelo za levy na mtengo wa unga tiziike pambali pang'ono. Nifuna tikambe za chinthu chimene ambili a inu mumalumpha m'mawa uliwonse, katundu ali pamutu, osachiyang'ana olo kamodzi. Nikamba za njanji.

Munamva kuti mu 2025 Zambia, Tanzania na China anasaina pangano la madola 1.4 biliyoni, kuti kampani ya ku China ya CCECC ikonze TAZARA na kuiyendetsa zaka 30. Ni nkhani yokoma m'makutu, maka-maka kwa inu amene mumakwela sitima ku Kapiri Mposhi kupita ku Nakonde, Tunduma na Dar es Salaam kukaoda mpunga, vitenge na nsapato. Koma malonjezo a njanji sitinayambe kuwamva lelo. Mu 2003 njanji yathu inapatsidwa ku kampani ya Railway Systems of Zambia, ndipo mu 2012 boma linailanda. Chaka chomwecho dziko linakongola madola 750 miliyoni a Eurobond, ndipo 120 miliyoni inapita ku Zambia Railways. Mu 2018 kunabwela lamulo lakuti 30 peresenti ya katundu wolema monga kopa, malasha, simenti na shuga aziyenda pa njanji. Maboma asintha, mabwana asintha, koma munthu wofuna kufika msanga ku Livingstone akali kulowa mu Intercity kukakwela basi, pamene sitesheni ya sitima ili pafupi pomwepo.

Sitima ikamakwawa monga fulu, musathamangile kunena injini. Nthawi zambili dalaiva amauzidwa kuchepetsa liwilo chifukwa njanji siyodalilika. Ndipo ngati eni njanji sadziwa malo eni-eni amene pali vuto, amachepetsa liwilo mtunda wonse, monga munthu woyenda usiku mu njila ya maenje alibe tochi. Ndiye pempho lathu ni limodzi. Tisanagule mainjini na kudula maliboni, tidziwe mkati mwa nsimbi imene sitimazo zidzayendapo.

Njanji imafa mwakachete-chete. Pamene wilo ya sitima imagunda njanji ni kamalo kochepa kuposa ka 50 ngwee, koma pa kamalo ako pamakhala matani ambili. Wilo ikapita ina ibwela, tsiku na tsiku, zaka na zaka. Mudziwa zimene zimachitika mukapinda waya uku na uku kambili: pa last imaduka. Nsimbi ya njanji nayo imalema. Ming'alu ina imayamba pamwamba, maka-maka pa makona pamene wilo imakhuza m'mbali. Ina imayamba mkati, pamene panatsala kachilema popanga nsimbiyo, ndipo imakula kunja kukali kuwala bwino-bwino. Kutentha kwa October kumafutukula njanji, kuzizila kwa June kumaikoka, ndipo tsiku lina sitima yolema ikapita, njanji ija imathyoka monga chinangwa chouma.

Anthu anaphunzila izi na malilo. Pa 25 August 1911, ku Manchester m'chigawo cha New York ku America, sitima ya anthu inagwa njanji itathyoka, ndipo anthu 29 anafa. Ofufuza anapeza mng'alu umene unakulila mkati mwa mutu wa njanji, pamene diso la munthu woyendela njanji silikanaona. Zitachitika izi, katswili wina dzina lake Elmer Sperry anayamba kufuna njila yoonela mkati mwa nsimbi osaidula. Mu 1928 ngolo yake yopimila njanji inayamba nchito. Inali kupititsa magetsi amphamvu mu njanji na kupima mphamvu ya maginito imene magetsiwo amapanga. Pamene panali mng'alu, mphamvuyo inali kusokonezeka, ndipo makina anali kulemba. Chaka cha 1928, amai na atate. Njanji inali itafika kale ku Kabwe mu 1906, ndipo nzelu imeneyi manje ili pafupi kukwanitsa zaka 100.

Njila imene nifuna mumvetse lelo ni mbale wake wa iyo ya Sperry. Akatswili amaitcha magnetic flux leakage, mwachidule MFL, kutanthauza kutayikila kwa mphamvu ya maginito. Maginito mumawadziwa. Atelala amatolela nayo mapini, ogula sikilapu amayesela nayo zitsulo, ana amachotsa ya mu sipika ya wailesi na kuikoka mu mchenga. Mphamvu ya maginito imakonda kuyenda mu nsimbi kuposa mu mphepo. So pansi pa ngolo yopimila amamangapo maginito amphamvu maningi, amene amadzaza mutu wa njanji na mphamvuyo mpaka nsimbi isakwanitse kulandila ina.

Manje ganizilani kanjila kopapatiza ka mu Soweto pa Chiwelu m'mawa, anthu atadzaza phaa. Ngati njila ili bwino, onse ayenda mkati. Koma zamcab ikaima pakati na masaka a kabichi, anthu amasefukila m'mbali, kulambalala, na kubwelela mu njila kutsogolo. Olo muli patali, mukaona pamene anthu asefukila mudziwa kuti pali chotsekeleza. Mphamvu ya maginito imachita chimodzi-modzi. Mu njanji yabwino imayenda mkati. Ikapeza mng'alu, ina imatuluka panja, kulumpha mng'aluwo, na kulowanso mu nsimbi. Pakati pa maginito aja pali tumasensa, tumene tumamva mphamvu yotayikayo. Kompyuta imalemba kukula kwake na malo ake, kuti amisili akapite pomwepo.

Pali njila inanso imene njanji zambili zimadalila, ya ultrasonic, imene inayamba kufala m'zaka za m'ma 1950. Iyo imatumiza mawu osamveka na khutu mkati mwa nsimbi na kumvetsela mmene abwelela, monga mmene mumagogodela chivwende kapena mbiya musanagule. Imaona pakati-kati pa njanji bwino. Koma imafuna kukhuza njanji nthawi zonse, imafuna madzi pakati pa makina na nsimbi, ndipo ming'alu ing'ono-ing'ono ya pamwamba imatha kuitsekeleza kuti isaone mng'alu waukulu umene uli pansi pake. Maginito safuna madzi, safuna kukhuza njanji, ndipo amagwila bwino ming'alu ya pamwamba na ya pafupi na pamwamba. Koma nawo safika pansi pa njanji. Ndiye amene afuna kudziwa zoona amasebenzetsa zonse ziwili, na kamera pamwamba pake. Wina akabwela kuno ati makina yanga imodzi iona zonse, mudziwe kuti ni uja wogulitsa mankhwala amodzi ochilitsa mutu, msana na chikondi.

Tifike pa nkhani ya liwilo. Chifukwa chiyani akatswili afuna kupima njanji mothamanga? Chifukwa ngolo yopimila ikakhala pa njanji, sitima zina zimayembekeza. Kumaiko kumene sitima zimatsatana mphindi zochepa, ngolo yokwawa imatseka malonda onse. Kwathu sitima ni zochepa, koma njanji yathu mbali yaikulu ni mzele umodzi, sitima zimapatukilana pa masitesheni chabe. Ndipo mtunda ni wautali. Kuchoka ku Livingstone kufika ku Kitwe ni makilomita opitilila 800, TAZARA ni 1,860. Tiwelengele pamodzi. Gulu la amisili lokankha makina a pamanja, likamapima makilomita 10 pa tsiku, lifuna masiku 80 kuti litsilize makilomita 800. Ngolo yoyenda makilomita 40 pa ola ifuna maola 20. Woyamba angapime kamodzi pa chaka akalimbika. Wachiwili angapime kambili, na kuona ngati mng'alu umene anauona mu March wakula pofika mu August.

Koma liwilo lili na mtengo wake, ndipo apa ni pamene ogula osadziwa amadyeledwa. Mukumbuka dainamo ya njinga? Mukapalasa mwamphamvu nyale imawala kwambili, chifukwa maginito oyenda pafupi na chitsulo amabala magetsi. Maginito a ngolo akamathamanga pamwamba pa njanji amabalanso magetsi ozungulila-zungulila mkati mwa nsimbi, amene akatswili amatcha eddy currents. Magetsi awa amapanga mphamvu yawo-yawo ya maginito, imene imalimbana na ija ifuna kulowa. Liwilo likakula, kulimbanako kumakula. Mphamvu imaunjikana pamwamba pa njanji na kutsalila kumbuyo kwa maginito, mkati osafika bwino. Zili monga kandolo wootcha pa moto waukulu: kunja kwapsa, mkati mukali mwauwisi. Mng'alu umene uli pansi pang'ono umaoneka waung'ono kuposa mmene ulili, kapena suoneka konse.

Vuto lachiwili ni kugwedezeka. Tumasensa tumafuna kukhala pafupi maningi na njanji, ndipo mpata ukhale wofanana nthawi zonse, chifukwa mphamvu yotayikayo imazilala msanga ukatalikila pang'ono chabe. Ngolo ikadumpha pa joini kapena pa njanji yakutha, mpata umasintha, ndipo kompyuta ingalembe mng'alu pamene palibe, kapena kuphonya umene ulipo. Lachitatu ni kuchuluka kwa zowelenga. Pa makilomita 100 pa ola, ngolo imayenda pafupi mamita 28 pa sekondi imodzi. Kuti iwelenge milimita iliyonse, kasensa kamodzi kafunika kuwelenga pafupi ka 28,000 pa sekondi, ndipo tumasensa ni twambili.

Akatswili sanagonje. Amatalikitsa maginito kuti nsimbi ipeze nthawi yokhuta. Amasendeza tumasensa chakumbuyo, kumene mphamvu yalowa kale. Amaika twambili mopingasa mutu wa njanji, tumene tumamva mphamvu kumbali zosiyana-siyana. Amaphunzitsa kompyuta kusiyanitsa phokoso la kugwedezeka na chizindikilo cha mng'alu weni-weni. Ndipo pambuyo pa zonse, munthu amapita na makina a pamanja kukatsimikiza pamalo pamene ngolo yaloza.

Manje mvelani pamene nkhaniyi itikomela. Vuto la eddy currents limakula na liwilo. Amene alimbana nalo kwambili ni aja afuna kupima pa liwilo la sitima zawo zothamanga. Ise njanji yathu siifuna zimenezo lelo. Ngolo yoyenda makilomita 30 kapena 40 pa ola ingatigwilile nchito, ndipo pa liwilo lotelo maginito amaona bwino kuposa pothamanga kwambili. So wina asabwele kutiuza kuti kupima njanji ni za maiko olemela. Ndiponso wina asatigulile makina odula a liwilo limene njanji yathu siingakwanitse, kuti akaime mu shedi ku Kabwe akudya dzimbili, ngongole ikali pamutu pathu.

Koma kupima pakokha sikupulumutsa munthu. Pa 17 October 2000, ku Hatfield ku England, sitima yochoka ku London kupita ku Leeds inagwa ikuthamanga pafupi makilomita 185 pa ola. Anthu anayi anafa, opitilila 70 anavulala. Njanji ya pa kona inasweka tuzidutswa topitilila 300, chifukwa cha ming'alu ija yoyambila pamwamba. Chowawa ni chakuti eni njanji anali kudziwa kuti malo aja ni oipa, ndipo njanji yatsopano inali itabweletsedwa kale, koma inali isanaikidwe. Ngozi itachitika, kampani ya Railtrack inachita mantha chifukwa siinali kudziwa kuti malo ena otelo ni angati, ndipo inachepetsa liwilo pa malo ambili-mbili m'dziko lonse. Maulendo anasokonezeka miyezi, Railtrack inagwa mu 2001, ndipo Network Rail inatenga malo ake mu 2002. Phunzilo ni lakuti lipoti logona mu kabati ya bwana silimanga njanji. Ndipo dziko lolemela nalo, likasowa kudziwa mkati mwa nsimbi yake, sitima zake zimakwawa monga zathu.

Mungafunse kuti nanga ine wogulitsa tomato zinikhudza bwanji? Zikukhudzani patatu. Katundu wolema akalephela kuyenda pa njanji amakwela mathilaki, mathilaki amakumba Great North Road, ndipo msewu woipa umakweza mtengo wa thilansipoti ya bokosi yanu ya tomato na saka yanu ya kapenta ya ku Mpulungu. Kachiwili, ni inu, alongo anu na ana anu amene mumagona mu sitima ya ku Dar es Salaam na ndalama za chilimba m'chiuno. Kachitatu, njanji ya mu Lusaka imadutsa pakati pa makomboni, pafupi na nyumba na tuntemba. Wagoni yolema ikagwa pamalo otelo siisankha kuti uyu anavotela ndani.

Ndiye kwa ba boma, ba Zambia Railways na ba TAZARA, tipempha zinthu zinayi, ndipo palibe chovuta.

Choyamba, atiuze poyela chaka chilichonse kuti makilomita angati apimidwa mkati, na njila iti, ming'alu ingati yapezeka, ingati yakonzedwa, ndipo inatenga masiku angati. Manambala awa apite ku Nyumba ya Malamulo, awelengedwe pa wailesi mu Chinyanja, Chibemba, Chitonga na Chilozi. Inu mumalemba buku la ngongole za makasitomala. Njanji ya dziko ilephele bwanji kukhala na buku?

Chachiwili, makina alionse asanagulidwe kapena kubwelekedwa, ayesedwe pano. Ba Zambia Metrology Agency akabwela kuona sikelo ya mu butchala samvela za pakamwa, amaikapo mwala wa kilo wodziwika. Chimodzi-modzi, amisili adule ming'alu yodziwika kukula kwake pa chidutswa cha njanji, ngolo ipitepo pa liwilo limene wogulitsa alonjeza, tione ngati iigwila yonse. Ayesele pa njanji yathu ya mamilimita 1,067 m'lifupi, ya majoini na yakutha, osati pa njanji yosalala ya mu kabuku ka malonda.

Chachitatu, ndalama yopimila iyende pamodzi na ndalama yokonzela. Mng'alu wa pamwamba ukagwidwa ukali waung'ono, makina opala njanji, monga grinder ya awelda koma yaikulu, amauchotsa, ndipo njanji imakhala zaka zina. Ukachedwa, udula chidutswa chonse. Ukachedwelatu, utola mawagoni mu thengo. Aliyense amene anasokapo saka atangoona kabowo adziwa kuti chotchipa ni chiti.

Chachinayi, nzelu itsale kuno. Tili na achinyamata amene anatsiliza ku UNZA, ku CBU na ku NORTEC, ena a iwo manje agulitsa talk time pa mphambano. Pangano lililonse la njanji linene kuti iwo ndiwo adzaphunzitsidwa kuyendetsa makina awa na kuwelenga zimene apeza, ku Kabwe na ku Mpika, ndipo zolembedwa zonse zikhale za Zambia. Zaka 30 ni zambili. Mwana wobadwa lelo adzakhala na banja lake panganolo likatha, ndipo sitifuna adzalandile njanji imene mbili yake ili mu kompyuta ya kunja.

Nisakunameni kuti maginito ni mankhwala a zonse. Saona masilipa owola, saona miyala imene mvula yakokolola pansi pa njanji, saona mabauti amene munthu wamasula usiku. Zimenezo zifuna makina ena, maso a oyendela njanji, na ise tomwe. Apa nikambe na anzanga achinyamata. Chitsulo cha njanji chimene ugulitsa ku sikilapu kuti upeze ya chakudya cha lelo chingagwetse sitima imene amai ako akwela mawa. Na inu amai amene mumayala malonda pafupi na njanji chifukwa mu msika mulibe malo, tidziwa kuti ni njala imakufikitsani pamenepo, ndipo malo tidzapitiliza kuwamenyela. Koma sitima yolema siima pamene dalaiva wakuonelani. Sendelani patali.

Aphungu anu akabwela mu msika na makamera, kukamba za sitima zatsopano, alandileni bwino, apatseni na mpando. Akatsiliza, afunseni mofatsa: bwana, njanji imene idutsa kuseli kwa msika uno inapimidwa liti mkati, ndipo munapeza chiyani? Ngati alibe yankho, auzeni abwele nalo ulendo wotsatila. Inu simulipila saka ya nyemba musanapise dzanja kuona ngati mulibe anankafumbwe, ndipo ngongole za njanji mudzalipila ndinu.

Muwelengeleko mnzanu wa pa thebulo yapafupi amene alibe mabandulo. Malonda ayende bwino lelo.

Mlembi wa achinyamata